Chuni cha m'timabokosi 16

Ndiyambe ndi kuulula tchimo langa, pakuti mlandu womwe ndikufuna kuzenga pa tsamba lino nanenso ukundikhudza. Kwa zaka zingapo ndakhala m'gulu la alakatuli omwe tikakumana Loweruka madzulo timapukusa mitu n'kumati nyimbo zinapita ndi eni ake, zomwe ana akupanga pa kompyuta masiku ano ndi phokoso chabe. Mawu oterewa amakoma m'kamwa, abale anga, ndipo amamusandutsa munthu nkhalamba yanzeru ngakhale asanamere imvi ndi imodzi yomwe. Koma tsiku lina mwana wa mchemwali wanga, mnyamata yemwe wangolemba kumene mayeso a Fomu 4, anandifunsa mwaulemu wake kuti, "Ankolo, kodi zinthu zimene mumanyozazi munazionako?" Ndinasowa chonena. Iye anali atabwera kudzapempha ndakatulo yanga ina kuti aiike m'nyimbo, ndipo ine ndinali nditayamba kale kumulalikira. Manyazi ndiwo anandinyamula mpaka kukafika m'kachipinda kake ku Ndirande, momwe muli laputopu yosweka pakona ndi sipika imodzi yomwe anachotsa m'wailesi yakale.

Chomwe anandionetsa pa galasi la laputopuyo eni ake amachitcha step sequencer. Dzinali lisakuopseni. Ndi mzere wa timabokosi, kawirikawiri 16, tomwe timakhala m'kati mwa synthesizer, chida chija chopanga mawu ndi magetsi chomwe kale chinali chimakina chodzaza tebulo koma lero chimapezeka ngati pulogalamu ya m'kompyuta. Ukadina batani loyambitsira, kanyali kamayamba kuyenda kuchokera pa kabokosi koyamba mpaka ka nambala 16, ndipo kakafika kumapeto kamabwerera poyambira, n'kuyendanso, n'kubwereranso, mpaka utakaimitsa kapena batire itatha. Ntchito ya wopeka nyimbo ndi kuuza kabokosi kalikonse chochita kanyaliko kakafika: lira noti yakutiyakuti, kapena khala chete. Munthu woti sanagwirepo gitala kapena kiyibodi atha kundandalika manoti imodziimodzi, modekha ngati wobzala chimanga m'mapando, kenaka makina n'kuwaimba pa liwiro lomwe dzanja lake silikanakwanitsa.

Tiyeni tiwerengere limodzi kuti muone pomwe mtima wanga unakhumudwira. Nyimbo zambiri zovina zimayenda pa liwiro la mabiti 120 pa miniti. Ulendo umodzi wa kanyali kaja umakwana mabiti 4, ndiye kuti masekondi 2. Chuni chonse, kuyamba ndi kutha kwake, chimakwanira m'masekondi awiri basi, timabokosi 8 pa sekondi iliyonse. Ine mzere umodzi wa ndakatulo ndimaulakatula nthawi yoposa pamenepo. Ndinamuuza mnyamatayo kuti chimenecho si chuni ayi, n'kutsokomola. Sanatsutse. Anangoti ndikayambe ndamvera zomwe anthu ena anachita ndi timabokosi tomweto ndisanalembe kanthu m'nyuzipepala. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho ndinatha mwezi wathunthu ndikufufuza ndi kumvera. Mwa zonse zomwe ndinamva, ntchito zitatu ndizo zandikakamiza kusintha chigamulo changa, ngakhale sindinachisinthe chonse.

Yoyamba ndi "I Feel Love" ya Donna Summer, yomwe inatuluka mu 1977. Anaijambulira ku Munich m'dziko la Germany pamodzi ndi Giorgio Moroder ndi Pete Bellotte. Pafupifupi zida zonse zomwe mumamva m'nyimboyi ndi synthesizer ya Moog yoyendetsedwa ndi sequencer; ng'oma yaikulu ija yogunda pansi ndiyo inaimbidwa ndi munthu, Keith Forsey. Besi yake ndi timanoti towerengeka tomwe timangozungulira, ndipo anaipatsa mawu obwerera ngati a m'phanga kotero kuti noti iliyonse imamveka kawiri. Mutachotsamo mawu a mayiyu, chotsala ndi chigayo cha dizilo. Komatu Summer sathamanga nacho chigayocho. Amakoka mawu ake pang'onopang'ono, m'mwamba, ngati kabawi woyandama pamwamba pa msewu wa magalimoto. Pamene makina akulira manoti ambirimbiri, iye amakhala akadali pa liwu limodzi. Apa ndinaphunzira kuti chuni cha m'timabokosi chimafuna mnzake woyenda mosiyana nacho, ndipo opeka ambiri omwe ndamva amalakwitsa pomwepa, amauza woimba kuti athamange limodzi ndi makina mpaka mpweya kumuthera.

Ntchito yachiwiri imafuna kuti tidzere kaye ku Japan. Mu 1981 kampani ya Roland inatulutsa kamakina kotchedwa TB-303, kopangidwa ndi Tadao Kikumoto. Cholinga chinali chakuti woimba gitala yemwe alibe mnzake wa besi azikhala ndi womuperekeza poyeserera. Mtengo wake unali madola 395. Kamakinaka kanalephera pa msika. Mawu ake sankafanana ndi gitala ya besi ngakhale pang'ono, ndipo kulowetsamo chuni kunali chintchito chowawa: umayamba walowetsa manoti onse paokha, kenaka n'kubwerera kudzalowetsa kutalika kwa noti iliyonse paokhanso, popanda galasi lokuonetsa zomwe walemba. Pofika mu 1984 kampaniyo inaleka, itapanga timakina pafupifupi 10,000, ndipo tambiri tinakathera m'masitolo a katundu wakale pa mtengo wozizira. Koma Kikumoto anali ataikamo zinthu ziwiri zomwe ndizo mtima wa nkhani yathu. Pa noti iliyonse utha kuika chomwe amati accent, kuti noti imeneyo ilire mwamphamvu ndi mokuthwa kuposa zinzake. Uthanso kuika slide, kuti noti isachite kudumpha popita ku inzake koma itsetserekere komweko, monga amachitira mawu a mayi wolira maliro. Kugogomeza ndi kutsetsereka: mlakatuli aliyense amene anaimapo pamaso pa anthu akudziwa kuti ndakatulo imakhala kapena kufa pa ziwirizi.

Ku Chicago anyamata atatu, DJ Pierre, Spanky ndi Herb J, omwe ankadzitcha Phuture, anagula kamakina kotere kogwiritsidwapo kale ntchito. Monga eni ake ankafotokozera, sankadziwa bwino kayendetsedwe kake. Anangokasiya kakuzungulira n'kuyamba kupotokola mabatani a pamwamba pake. Kaseti yomwe anajambula anakaipereka kwa Ron Hardy, woliza nyimbo ku malo ovinira otchedwa Music Box, ndipo akuti anthu poyamba anaikana, koma iye anailiza mobwerezabwereza usiku womwewo mpaka inawalowa. Nyimboyo, "Acid Tracks", inatuluka mu 1987 ku Trax Records, Marshall Jefferson atathandiza kuijambula, ndipo ndiyo imatchulidwa ngati chiyambi cha mtundu wa nyimbo wotchedwa acid house. Ndi yotalika pafupifupi maminiti 12, ndipo m'maminiti onsewo manoti ndi omwewomwewo.

Nanga chimasintha n'chiyani? Mu synthesizer muli chomwe amachitcha filter. Ine ndimati sefa, pakuti ntchito yake ndi yomwe ija ya sefa ya ufa, kulola zina kudutsa, zina n'kutsala. Ukaitseka mawu amabanika, ukaitsegula amawala, ndipo pali batani lina lomwe limawapangitsa kulira mopyoza ngati likhweru. Yesani izi pomwe mwakhalapo, awerengi: tulutsani liwu limodzi, osalikweza, osalitsitsa, koma muzisintha kakhalidwe ka pakamwa, u, o, a, e, i. Noti ndi imodzi yomweyo, koma khutu likumva zinthu zisanu. Izi ndizo DJ Pierre ankachita ndi zala zake. Anapatsa makina pakamwa. Ife alakatuli, amene timadya nsima chifukwa cha malembo a liwu asanu omwewa, tinayenera kukhala oyamba kumvetsa zimenezi, m'malo mwake ndife tinali patsogolo kunyoza. Komabe ndisaname kuti nyimboyi ndinaikonda yonse. Ndikuimvera nditakhala pa mpando masana, pofika miniti yachisanu ndi chiwiri ndinayang'ana wotchi. Inapangidwira miyendo ya anthu ovina m'bandakucha, ndipo mwina kuiweruza uli pa mpando n'kuilakwira, koma poti ndi mmene ndinaimvera, ndi mmenenso ndikulembera.

Ntchito yachitatu ndiyo yandigwira mtima kuposa zonse, ndipo inatsogola zaka zisanu Chicago isanadzuke. Charanjit Singh anali woimba waganyu m'masitudiyo a mafilimu ku Bombay, mzinda womwe lero ndi Mumbai. Mu 1982 anajambula chimbale chotchedwa "Synthesizing: Ten Ragas to a Disco Beat" pogwiritsa ntchito TB-303 yomweyi, makina a ng'oma a TR-808 ndi kiyibodi ya Jupiter-8. Raga ndi dongosolo la kaimbidwe ka ku India lomwe lili ndi malamulo ake: manoti omwe uyenera kudzera pokwera, omwe uyenera kudzera potsika, noti yomwe uyenera kukhalapo nthawi yaitali, ngakhalenso nthawi ya tsiku yomwe raga imeneyo imayenera kuimbidwa. M'kaimbidwe kameneka kutsetsereka kuchoka pa noti ina kupita pa inzake n'kofunika zedi. Singh ataona batani la slide anazindikira kuti Mjapani uja, mosadziwa, anamupangira chida cha kwawo. Anatenga maraga khumi, monga Bhairavi, Todi, Yaman ndi Malkauns, n'kuwalowetsa m'timabokosi.

Mverani besi ya m'chimbalechi ndipo mudzamva kusiyana kwake ndi ya ku Chicago. Ya Phuture ndi ya anthu omwe anatola chinthu panjira n'kuchigwiritsa bwino ntchito. Ya Singh ndi ya munthu yemwe anafika pa makina ali ndi chuni kale m'mutu, chochokera kwa aphunzitsi ake ndi aphunzitsi a aphunzitsi ake, ndipo makina ndiwo anayenera kugonja. Chimbalechi chili ndi chilema chake: ng'oma ya disko ndi imodzimodzi kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yakhumi, ndipo ukamvera zonse nthawi imodzi khutu limalema. Sichinagulidwe kwenikweni pa nthawiyo, chinaiwalika mpaka pomwe chinatulutsidwanso mu 2010, ndipo mwini wake anamwalira mu 2015 atangolawako pang'ono ulemu womwe unachedwa. Olemba nkhani akunja amakonda kumutcha kholo la acid house. Ine ndikuona kuti dzina limeneli likumuchepsa, chifukwa likumuyesa ndi muyeso wa ku Chicago pomwe iye ankaimba za kwawo.

Zonse zomwe ndatchulazi zinapangidwa ndi makina ogwirika ndi manja, ena odula moti mnyamata wa ku Ndirande sakanawaona ngakhale m'maloto. Chomwe chinagwetsa mpanda ndi pulogalamu. Mu 1997 kampani yaing'ono ya ku Stockholm, Propellerhead Software, inatulutsa ReBirth RB-338, yomwe inaika ma TB-303 awiri ndi TR-808 imodzi pa galasi la kompyuta, mabatani ake onse ndi timabokosi take tonse. Chaka chotsatira anawonjezeramo TR-909. Mu 2005 analeka kuigulitsa n'kuyamba kuipereka ulere. Pa nthawi yomweyo ku Belgium, Didier Dambrin wa kampani ya Image-Line anali atalemba FruityLoops, yomwe mu 2003 inasintha dzina kukhala FL Studio. Imeneyi ndiyo ili pa laputopu ya mwana wa mchemwali wanga, ndipo ukangoitsegula chokulonjera choyamba ndi mizere ya timabokosi 16. Gqom ya ku Durban inakulira m'pulogalamu yomweyi. Besi ija yogunda pachifuwa ya m'nyimbo za amapiano, yomwe mumaimva m'minibasi kuchoka ku Limbe mpaka m'tauni, inachokera mu synthesizer yaing'ono ya m'kati mwa FL Studio yotchedwa Fruity DX10. Dzina la mawu amenewo ndi log drum, kutanthauza ng'oma ya chipika, ngakhale mulibemo chipika ngakhale chimodzi.

Dzina limeneli linandiseketsa, chifukwa zipika zenizeni zoimbira tili nazo kuno. Mangolongondo a Ayao ndi zipika zoyalidwa pa mitengo iwiri, ndipo anthu awiri amakhala moyang'anana, wina uku wina uko. Aliyense amaimba kachuni kake kafupi, kobwerezabwereza, ndipo noti za mmodzi zimagwera m'mipata yomwe mnzake wasiya. Zikalukana choncho khutu limamva chuni chachitatu chomwe palibe mmodzi wa iwo akuchiimba. Chimodzimodzi amayi awiri kapena atatu posinja pa mtondo umodzi: musi uwu ukakwera, uwo ukutsika. Ndiye anzanga a Loweruka aja akamati kubwerezabwereza kachuni kafupi ndi matenda obwera ndi kompyuta, ndimadabwa kuti anakulira kuti. Katswiri wa nyimbo wa ku Vienna, Gerhard Kubik, yemwe anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka akuimba mu Blantyre mu 1967 n'kugwira ntchito ndi banja limeneli kwa zaka zambiri, polemba nyimbo za kuno ankawerenga timagawo ting'onoting'ono tofanana kutalika, n'kuika nambala yake poyambira, kaya 12 kaya 16, kenaka n'kulemba chizindikiro pomwe pamenyedwa ndi kadontho pomwe pali chete. Mukaika pepala lotero pambali pa galasi la laputopu, mudzaona kuti ndi chithunzi chimodzi. Nzeru ya timabokosi si mlendo kuno.

Tsono mlandu wanga uli pati? Uli pa nambala. Kubik anapeza 12 ndi 16, ndipo zilipo nyimbo za kuno zoyenda pa 16, koma pulogalamu ikamatseguka imakupatsa 16 yokha. Timabokosi 16 timagawika panayi panayi, mwadongosolo ngati asilikali pa perete. Timabokosi 12 timagawika patatu patatu komanso panayi panayi nthawi imodzi, ndipo m'kukokana kwa ziwirizi ndi momwe muli kukoma kwa ng'oma zathu zambiri, mapewa akutsata kuwerenga kwina, miyendo kwina. Pulogalamu siletsa munthu kusintha. Pali malo pomwe umalemba nambala ya timabokosi tomwe ukufuna, ndipo ngakhale TB-303 ya mu 1981 inkalola chuni chofupikirapo kuposa 16. Utha kuika chuni cha timabokosi 7 pamwamba pa ng'oma ya 16, ndipo ziwirizi sizidzakumananso poyambira mpaka patadutsa timabokosi 112, ndiye kuti maulendo asanu ndi awiri a ng'omayo, ulendo uliwonse chunicho chikugwera pena. Masekondi awiri aja asanduka 14 popanda kuwonjezera noti ndi imodzi yomwe. Koma pa nyimbo za achinyamata zomwe ndamvera mwezi uno, zomwe nambalayo anaikhudza n'zowerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, inde, koma sindinamvepo kuti mudzi wonse umete mofanana chifukwa cha kalumoko.

Mpanda wachiwiri ndi wa manoti eni ake. Kabokosi kalikonse kamakupatsa manoti 12 a pa kiyibodi ya ku Ulaya, ofanana mipata. Ulimba wa ku chigwa cha Shire amauchuna mwina: manoti 7 otalikirana pafupifupi mofanana, ndipo ambiri mwa iwo amagwera pakati pa mabatani oyera ndi akuda a kiyibodi. Mwana yemwe wakula akumva ulimba ku Nsanje akafuna kulowetsa chuni cha agogo ake m'timabokosi, makina amachikankhira pa noti yapafupi, ndipo chotuluka chimafanana ndi cha agogo monga mmene chithunzi cha pa chiphaso chimafanira ndi mwini wake. Apanso khomo lilipo. Ma synthesizer ena, monga Surge XT yomwe ndi yaulere, amalola munthu kulowetsa kachunidwe kakekake. Chosowa ndi munthu woti akakhale pansi ndi woimba ulimba, ayese manoti ake, n'kuwapereka kwa ana awa. Imeneyi ndi ntchito ya ife ophunzira amene timangodandaula m'nyuzipepala.

Pali batani linanso lomwe sindingalidumphe. Mapulogalamu ambiri otere ali ndi batani lomwe ukalidina limamwaza manoti m'timabokosi mwachisawawa. Wadina, wamvera, sizinakome, wadinanso, mpaka patuluke kanthu. Nditaliona ndinafuula kuti ndawagwira akuba. Mnyamata uja anandifunsa ngati mawu a m'ndakatulo zanga ndinawapanga ndine. Funso lachipongwe, koma lili ndi mano. Kusankha ndi ntchito ndithu, ndipo munthu amene wataya machuni 50 n'kusunga chimodzi waweruza kanthu. Kungoti khutu losankhalo liyenera kukhala litadya zambiri. La Charanjit Singh linadya maraga kwa zaka. Khutu lomwe ladya nyimbo za miyezi isanu ndi umodzi yapitayi lidzasankha chofanana ndi nyimbo za miyezi isanu ndi umodzi yapitayi, ndipo n'chifukwa chake nthawi zina mumatha kukwera minibasi kuchoka ku Chirimba mpaka ku Limbe osazindikira kuti nyimbo yasintha katatu.

Ndibwerere ku ndakatulo yanga, pakuti pamenepo m'pomwe nkhaniyi inandiluma ineyo. Ndinailemba pokumbukira mtengo wa mango womwe unali pa bwalo la agogo anga, womwe unagwa ndi mphepo chaka chomwe iwo anatisiya. Mzere womwe umabwerezedwa ndi wa mawu awiri okha: mtengo wagwa. Mnyamatayo anali atapanga kale chuni chake m'timabokosi, chokoma ndithu, kenaka n'kuitana mtsikana wina wa m'kwaya ya ku tchalitchi kwawo kuti aimbe mawu anga motsata chunicho. Atandiliza ndinamva thupi kuzizira. Inu nonse mukudziwa, ngakhale simunaphunzire ku sukulu, kuti mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika timalemba mofanana koma sititchula mofanana. Wa m'nkhalango liwu limakwera pa "te", wa pa msika limayenda pansi. Chuni cha mnyamatayo chinatsika pa "te" pomwepo. Maliro a agogo anga anasanduka kulengeza kwa sitolo yomwe yatsitsa mitengo ya katundu.

Ndinakwiya, koma pofika kunyumba mkwiyo unali utachepa, chifukwa ndinakumbukira kuti tchimo limeneli silinayambe ndi kompyuta. Nyimbo zambiri za m'mabuku a m'tchalitchi ndi machuni a ku Ulaya omwe anawaveka mawu a Chichewa, ndipo takhala tikuimba mawu okwera potsika ndi otsika pokwera kwa zaka zoposa 100 popanda wodandaula. Kawirikawiri mawu oyandikana nawo amapulumutsa tanthauzo. Koma mzere wanga unalibe oyandikana nawo, ndipo pa chifukwa chimenechi unagwa. Kusiyana kwake n'kwakuti woimba gitala akamapeka amang'ung'udza mawu ndi chuni nthawi imodzi, lilime limamuwongolera chala asanalakwe. Wa timabokosi amamanga nyumba yonse ali chete, mawu n'kubwera pambuyo ngati alendi ofuna chipinda.

M'mawa mwake ndinabwererako. Ndinamuuza kuti atchule mawu awiriwo pang'onopang'ono, poyamba ngati akunena za mango, kenaka ngati akunena za shuga. Anatchula, n'kuseka, n'kugwira pakamwa. "Ankolo, ndiye ndawagulitsatu agogo." Kukonza kwake kunanditsitsa ulemu: anagwira kabokosi kamodzi, kachitatu, n'kukakweza manoti awiri, n'kuika slide kuti liwu litsetserekere pa "ngo". Sipanathe ndi miniti yomwe. Pa gitala kusintha kotere kukanafuna kuphunzitsanso zala. Apa chuni chili poyera ngati nyemba pa lichero, ukuona ndi maso yomwe yaola. Ubwino umenewu ndiuvomera pamaso pa anzanga onse a Loweruka. Titayamba kutchula mizere inayo mmodzimmodzi tinapeza malo ena anayi ofuna kukonza, ndipo chuni chomwe chinatuluka chinali chokhotakhota kuposa choyamba chija, chosayembekezeka, chifukwa tsopano chinali kutsata Chichewa. Kenaka ndinamupempha kuti asinthe nambala ija ikhale 12. Anachita monyinyirika. Ng'oma itayamba kuyenda patatu patatu, mchemwali wanga yemwe ankachapa panja analowa ndi thovu m'manja kudzafunsa kuti nyimbo imeneyo ndi ya ndani.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepo, koma mnyamatayo ali ndi mfundo yomwe sindinathe kuigwetsa. Ati woliza nyimbo ku malo ovinira amalumikiza nyimbo ina ndi inzake popanda kuimitsa, ndipo ya 12 ukailowetsa pakati pa za 16 zimapunthana, ovina amasokonezeka, wolizayo sadzaigwiranso. "Inu mumalemba kuti anthu awerenge ali pa mpando, ankolo. Ine ndikufuna ilire Lachisanu usiku." Choncho anapanga ziwiri. Ya 16 anaipereka kwa anzake oliza nyimbo, mtengo uli wa mango ndithu, ndipo akuti yalirako kangapo. Ya 12 ili pa foni yanga, ndipo oimva mpaka lero ndi ine, mchemwali wanga ndi alakatuli anayi, omwe awiri mwa iwo akuumirirabe kuti ndi phokoso.

Sabata yatha mnyamatayo wabweranso kudzapempha ndakatulo ina. Ati ulendo uno ndiyambe ndine, iye adzatsata katchulidwe ka mawu anga kabokosi ndi kabokosi, koma ndiyesetse kuti mzere uliwonse ukhale wa maphatikizo 16. Ndamuuza kuti abwere Lachitatu, ndipo pepala lomwe lili pa tebulo langa lili ndi mizere itatu, woyamba wa maphatikizo 16, enawo a 12.